Makaseti a Amayi a Pamtengo wa Mango

Pakati pa zaka za m'ma 1980: ntchito yoyamba

Za ubwana wanga ku Kanduku sindilemba. Mbuzi zomwe ndinkaweta n'zofanana ndi zomwe mumazionazo, ndipo chitunda chomwe ndinkakwera popita kusukulu chikadali pomwepo. Chomwe ndikufuna mudziwe, iwe Chisomo ndi iwe Limbani, ndi ntchito ija inkandichotsa pakhomo ngakhale Loweruka, inu n'kumadandaula kuti amayi amakonda makaseti kuposa ana awo. Tsopano ndinapuma, nthawi ndili nayo, ndiye mumve bwino.

Ndinayamba ntchito yotaipa pa ofesi ina ya boma pa Mwanza ndili mtsikana. Tsiku loyamba ndinavala siketi ya akulu anga ndi nsapato zobwereka zomwe zinkandiluma zala, koma ndinkayenda ngati Boma lonse ndi langa. Bwana wanga anali a Chimwaza, bambo wamfupi, wadazi, woyenda ngati basi ikumusiya. Asanalowe mu ofesi anaphunzitsapo mbiri kusekondale, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Sankanditchula kuti Felesiya, ankati a Nachisale, ngati ndine mayi wamkulu, ndipo ine zinkandikomera. Zinthu zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Riboni ya makina otaipira ikauma tinkaidonthezera palafini kuti inki idzuke. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kumaonekera kuseri, ndipo envulopu tinkaitembenuza kuti iyendenso ulendo wina. Koma m'kusowa konseko a Chimwaza sankalola kuti pepala lolembedwa kale likakulungire mandasi. "A Nachisale," ankatero, "pepala lopanda kanthu tikhoza kugula. Lolembedwa likapsa, lapita pamodzi ndi mwini wake." Ine ndinkangoti, "Inde bwana," mumtima ndikuti akuluwa mabuku anawazunguza mutu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: kabokosi kakuda

Nkhondo ya ku Mozambique inali itayamba kale, koma kwa ife inali nkhani ya pawailesi ndi kugunda kwakutali kuseri kwa mapiri. Kenako anthu anayamba kufika. Ena ankadutsa pa Zobue, koma ambiri ankatsika m'tinjira ta m'mapiri, mwana kumsana, mtolo pamutu, mapazi atang'ambika. Amayi anga anabadwira tsidya lomwelo, choncho Chinyungwe, chilankhulo cha kumeneko, ndinachiyamwa. Pa chifukwa chimenechi anandichotsa pa makina kuti ndizikamasulira kumsasa wa othawa nkhondo.

M'mawa wina a Chimwaza analowa mu ofesi ali wefuwefu, atakumbatira chinthu chokulunga m'thawulo. Anatseka chitseko ndi chidendene.

"A Nachisale, siyani zimenezo, bwerani mudzaone!"

Inali wailesi ya kaseti yojambulira mawu, yakuda, yokhala ndi chogwirira, yomwe wansembe wina anawasiyira pobwerera kwawo. Maso awo ankawala ngati mwana yemwe amugulira nsapato za Khirisimasi.

"Mapepala athu akungonena kuti uje walandira nyemba, uje walandira bulangete," anatero. "Tsiku lina mdzukulu wa munthu ameneyu adzafunsa kuti agogo anga anaona zotani. Tidzamuonetsa za nyembazo?"

Masiku amenewo munthu sunkangojambula mawu a anthu chisawawa, ukanafunsidwa mafunso ndi anthu osaseka. A Chimwaza anakapempha chilolezo kwa a DC, n'kuwauza kuti tikusonkhanitsa nyimbo za makolo. Sananame kwenikweni, chifukwa nyimbozo zinalipodi.

Munthu woyamba kumulozetsa kabokosiko anali Dona Rozalina, mzamba wochokera cha ku Tete, mayi wamtali wa mawu aakulu, amene amayi onse a mumsasa ankawamvera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwana iwe, ukufuna tilirire m'kabokosi kakoka kuti mabwana ako akasekere ku ofesi?"

"Iyayi mama. N'zoti zisungidwe."

"Zisungidwe kuti adye ndani?"

Chala changa chinali chitadina kale batani, ndiye ndinangobweza tepi m'mbuyo n'kuliza. Mawu awo anatuluka m'kabokosimo akundikalipira. Amayi omwe ankasenda nandolo pafupi anabalalika, wina mpaka anagwetsa lichero. Dona Rozalina anawerama, anamvetsera, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi.

"Ameneyo ndine? Mayo ine! Ndiye chifukwa chake malemu amuna anga ankandiopa!" Anandikokera kampando. "Khala pansi, dinanso. Koma ujambule zomwe tikuchita, osati misozi yokha."

Zomwe ankachitazo ndi zimene zinandisandutsa munthu wina. Cha kumalire kunali mtengo waukulu wa mango pomwe tinjira ta kumapiri tinkathera. Anyamata a kuthengo, ena a mbali iyi ya nkhondo, ena a mbali inayo, ankatsikira pamenepo mozemba kudzasinthitsa nyama yowamba ndi mchere kapena sopo. Amayiwo ankapatula pa chakudya chawo chochepacho n'kukaphikira pansi pa mtengowo. Sankafunsa kuti ndiwe wa mbali iti. Ankangofunsa kuti kwanu n'kuti, mayi ako ndani. Mnyamata akatchula, iwo ankalowetsa dzina la mayi akewo m'nyimbo n'kuyamba kuimba, kumuitana kuti abwerere kunyumba. Ndinaona ndi maso angawa anyamata a nkhope zouma akulephera kumeza mbatata. Ena ankathawa osamaliza kudya. Ena ankabweranso sabata yotsatira n'kunong'oneza kuti, "Mama, ndatopa." Oterowo amayi ankawameta, kuwaveka malaya a amuna awo, n'kupita nawo kumsasa ngati ana awo, ndipo komwe mfuti yakwiriridwa ankakauza apolisi. Ine ndinkakhala chapambali, kabokosi pamiyendo. Pobwerera ku ofesi ndinkachita kuthamanga, n'kufuulira pakhomo kuti, "Bwana, leronso wina wasiya mfuti!" A Chimwaza ankamenya tebulo mpaka kapu ya tiyi kudumpha. "Lembani tsiku pa kasetiyo, a Nachisale! Lembaninso malo, musaiwale malo!"

Patapita nthawi ndinadziwa chomwe chinkawakokera Dona Rozalina pamtengopo. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Domingo, anatengedwa pasukulu ndi anthu a mfuti. Mnyamata aliyense wotsika kuphiri ankamufunsa ngati sanamuoneko. Yankho linkakhala lomwelo, koma mawa lake ankadzukanso n'kukaimbira ana a eni.

1992 mpaka 1994: mtendere ndi kusowa kwa makaseti

Mtendere utasainidwa, msasa wonse unavina mpaka fumbi kubisa dzuwa. Ndinajambula nthungululu mpaka sipika kumanjenjemera. Koma ntchito ndiye inakula, chifukwa mathiraki obweza anthu kwawo anayamba kufika, ndipo aliyense ankafuna kusiya mawu asanakwere. Makaseti anatithera. Mabatire tinkawayanika padzuwa kuti atoleko kamphamvu, ena tinkachita kuwaluma. A Chimwaza anapereka makaseti awo a makwaya. Ine ndinkapemphetsa kwa madalaivala a pamalire, n'kumafufuta rumba kuti pakhale mawu a amayi.

Masana ena tili pamtengo paja, mayi wina anakuwa. Panjira pankatsika mnyamata wamtali, woonda ngati bango, atasenza mkeka wokulunga. Dona Rozalina anataya chipande. Sanathamange, anangogwada pomwepo manja ali m'mwamba. Mnyamatayo anafika, anatula mkekawo pamapazi awo n'kuufunyulula. Munali mfuti.

"Mama, ndabwera."

Amayi onse aja anayamba nyimbo yomwe ankaimbira ana a anzawo, koma tsiku limenelo dzina lomwe linali m'nyimbomo linali la Rozalina. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, mpaka wina anandigwirira kabokosi kuti kasagwe.

Atasamba ndi kudya, Domingo anakaona kabokosiko.

"Kameneka kamasunga chilichonse chomwe munthu wanena?"

Ndinati inde.

"Ndiye ndikufuna ndisanze zonse, kamodzi kokha, ndisadzazinenenso."

Kaseti yopanda kanthu ndinalibe. M'chikwama munali imodzi yokha, ya ukwati wanga ndi bambo anu a Kamwendo, yomwe ndinatenga kuti ndikamvetse mnzanga. Ndinaiyang'ana, ndinamuyang'ana mnyamatayo, ndinamata timabowo take ndi selotepi kuti ilole kujambula, n'kudina. Analankhula mpaka kudzaza mbali zonse ziwiri, m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anatchula midzi yomwe anaotcha, anthu omwe ankamulamula, ndi anzake omwe anathawa nawo. Anafotokozanso mmene anamvera kuthengoko kuti kumalire a Mwanza kuli amayi oimba maina, ndi mmene anayendera masiku ambiri kuti akamve ngati la mayi ake lilimo. Bambo anu atamva kuti kwaya ya paukwati ndaifufuta, anakhala masiku angapo akundiyankha ndi mphuno. Kenako tsiku lina pa tiyi anangoti, "Bola ukwati weniweniwo sunafufutike."

Tsiku lokwera thiraki, Dona Rozalina anandigwira dzanja mpaka kundipweteka.

"Nachisale, mawu athuwa asachoke kuno. Ana athu akadzawafuna, awapeze pafupi, pofika ndi miyendo. Lumbira."

Ndinalumbira.

Zaka zosamukasamuka

A Chimwaza anapuma ntchito, ndipo pasanapite nthawi yaitali anatisiya. Ine anandisamutsira ku Chikwawa, komwe kutentha kunkasungunula guluu wa maenvulopu, kenako ku Balaka, komwe ndinaphunzira kompyuta ndili ntchembere, achinyamata a mu ofesi akundiseka kuti ndikumenya mabatani ngati ndikusinja. Makaseti anali katundu wa ofesi, choncho anatsala ku Mwanza m'kabati yachitsulo, m'kachipinda kosungiramo katundu. Ndikabwera patchuthi ndinkayamba ndafika kumeneko ndisanakaone abale. Ndinkawatulutsa, kuwapukuta, n'kuwazungulitsa ndi bolopeni kuti tepi isamatirire. Mabwana ankasinthanasinthana. Wina anali munthu wabwino, anandidulitsira kiyi wangawanga. Wina, yemwe dzina lake ndilisunga, anafuna kutulutsa kabatiyo panja kuti aike matumba a simenti. Mlonda ndiye anandiimbira foni. Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo n'kukakhala pabenchi pakhomo la ofesi yawo. Akatuluka ndiwapatse moni, akalowa ndiwapatsenso moni, mpaka cha m'madzulo anatukula manja. "Mayi inu, tengani kakona kanuko, mundisiye ndipume!"

Atandibwezera ku Mwanza kudzayang'anira mafailo, ndinavina pakhonde anthu akuona. Koma nditatsegula kabati chimwemwe chinachepa. Denga linkadontha. Chiswe chinali chitadya timapepala tina tomwe tinkalembapo maina ndi malo. Makaseti ena anali atachita nguwi, ndipo ina nditayesa kuiliza inangoduka, mawu a mayi wina n'kuthera pakati pa nyimbo. Ndinatseka kabati mofulumira, n'kukhala pansi pa simenti ndikuyang'ana khoma.

2016: mlendo ndi chiganizo chovuta

Chaka chimenecho mfuti zinkaliranso tsidya lija, ndipo anthu anayambanso kutsika m'mapiri. Ndinaona ana a msinkhu wa adzukulu a anthu omwe ndinkawamasulira akufika ndi mapazi ong'ambika ngati agogo awo. M'masiku omwewo mu ofesi munalowa mayi wina wovala jini ndi nsapato zafumbi, n'kunena kuti ndi Dokotala Nyirenda. Anali Mmalawi wa kumpoto, koma ankagwira ntchito pa yunivesite ina kunja, m'laibulale yosunga zolemba, zithunzi ndi mawu a anthu olimbikitsa mtendere komanso za nkhondo za m'maiko osiyanasiyana. Anabwera kudzacheza ndi othawa atsopanowo, ndipo wina kumsika anawauza kuti pa Boma pali mayi wina wopenga ndi makaseti.

Ndinasankha kaseti yolimbako, ya nyimbo za pamtengo wa mango. Anavala zomvetsera m'makutu. Posakhalitsa anadzuka mwadzidzidzi mpaka mpando kugwa.

"Mama! Zimenezi zinachitikadi? Anyamatawo anali pomwepo?"

"Anali pomwepo. Amene akutsokomolayo ndi mmodzi wa iwo."

"Ife kuja tili ndi mabokosi a mapangano, zolankhula za akazembe, malipoti a asilikali. Koma amayi akuchotsa mfuti m'manja mwa ana ndi nyimbo, pa tsiku lenilenilo, zimenezo tilibe. Ndikukuuzani, tilibe!"

Tinagwirana manja n'kumadumpha ngati atsikana, mpaka mesenjala anasuzumira kuti aone kwagwanji.

Kenako anakhala pansi n'kundiuza zoona. Makasetiwo anali akufa. Pankafunika makina owayeretsa ndi kuwakopera mosamala, omwe kuno kunalibe. Akapita kunja akasungidwa m'chipinda chozizira, ndipo makope ake adzabwera ku Mwanza. Akatsala, ndiye madzinja owerengeka basi. Anandiuzanso kuti kwawoko satsegula chinthu mwini wake asanalole, ndipo munthu akhoza kunena kuti changachi chitsekedwe kaye mpaka nthawi yakuti. A DC a nthawi imeneyo anangoti, "Mayi Kamwendo, zinthuzi mukuzidziwa ndinu. Mukavomera, ine ndisaina."

Apa mpomwe mutu unandizungulira. Ndikawakaniza, ndasunga lumbiro koma mawu afa. Ndikawatumiza, mawu apulumuka koma ndanamiza mayi yemwe anandikhulupirira. Komanso nkhondo inali itadzukanso, ndipo kaseti ya Domingo inali ndi maina a anthu omwe mwina anali adakali moyo. Pomaliza ndinauza bambo anu kuti ndikuoloka kupita ku Zobue, komwe ndinamva kuti amayi aja anakhazikika, ndikafunse eni ake.

"Amake Chisomo, anthu akuthawako kumeneko, inu ndiye mukupita?"

"Ndi pa Zobue pompa, sindilowa kuthengo."

"Nanga chipolopolo chimadziwa kuti apa ndi pa Zobue?"

Koma m'mawa mwake ndi omwewo anandiperekeza mpaka pageti la pamalire, atanyamula paketi ya shuga yoti ndikawapatse mayiwo.

Msika wa Zobue unali zii, asilikali ali m'mbali mwa msewu. Ndinafunsa za mzamba wakale wamtali, ndipo mayi wina wogulitsa buledi anandilondolera kuseri kwa tchalitchi. Ndinawapeza ali pamkeka, atapindika msana, maso atachita ng'ala. Ndinagwada n'kupereka moni wa Chinyungwe.

"Muli tani, mama?"

Anatchera khutu. "Talankhulanso."

Ndinalankhulanso.

"Nachisale wa kabokosi! Ukadali moyo iwe? Sendera ndikugwire! Eee, wanenepatu, boma likukudyetsa!"

Ndinawafotokozera zonse, za nguwi, za chiswe, za mlendo uja ndi za ndege. Pofika kumapeto ndinali ndikupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndiye ukulira chiyani?"

"Ndinalumbira, mama."

"Unalumbira kwa ine, ndipo ine ndili pano, sindinafe. Ndakumasula. Ine ndinalankhula kuti anthu amve, osati chiswe. Taona, ana ayambanso kunyamula mfuti. Zipite, zikamveke mpaka kwa omwe amazipangawo. Koma zibwerenso, wamva? Zikapanda kubwera ndidzakulondola ngakhale ndili kumanda."

Anatuma uthenga kwa amayi ena a gulu lija omwe ankakhala pafupi. Anabwera akukoka ndodo, tinakumbatirana, tinamwa tiyi wa shuga uja, n'kumatchulana za omwe anatsogola. Ambiri anavomera pomwepo. Ena anati maina awo abisidwe. Omwe sitinawapeze tinagwirizana kuti makaseti awo akonzedwe koma akhale otseka mpaka abale awo adzapezeke. Ndikudzuka kuti ndizipita, Dona Rozalina anandikoka chitenje.

"Ya Domingo si yanga. Ukamufunse yekha. Ana ake sadziwa kanthu."

Anandiuza kuti Domingo ndi dalaivala wa thiraki pakati pa Tete ndi Blantyre. Zaka zonsezi ankadutsa pa Mwanza ine osadziwa! Ndinakamupeza pamzere wa mathiraki pamalire, dzuwa lili pamutu, akudya chimanga chootcha. Anali bambo wojintcha, wa imvi m'ndevu. Nditanena dzina langa anaseka, koma nditatchula kaseti anasiya kutafuna.

"Ikadalipo?"

"Ilipo."

"Ine ndinkayesa inawola kalekale." Anayang'ana uku ndi uku. Ndinamufotokozera za ulendo wa makasetiwo, iye maso ali pansi. "Achemwali, ndili ndi mwana wamkazi, Anita, akuphunzira zauphunzitsi. Iye amadziwa kuti bambo ake anakulira kumsasa wa othawa nkhondo, basi. Ndipatseni kasetiyo."

Inali m'chikwama changa. Kope lake kunalibe kwina kulikonse padziko lapansi. A Dokotala Nyirenda ndinali ndisanawalizire kasetiyi, ndinangowauza mwachidule, koma anali atanena kale kuti pa makaseti onsewo imeneyi ndiye mutu, ndiponso kuti ikalizidwa pa wailesi wamba ikhoza kuduka. Ndinadziwa kuti bamboyu akhoza kuiponya mu Zambezi akamaoloka mlatho wa ku Tete. Ndinakumbukira a Chimwaza, ndinakumbukira kwaya yanga yomwe ndinafufuta, ndi zaka zonse zomwe ndinkaizungulitsa ndi bolopeni. Koma mawuwo anali ake, ine ndinangomusungira. Ndinamupatsa. Sanathokoze. Anaiika m'thumba la malaya, mzere utasuntha anakwera n'kumapita.

Nditawauza a dokotala anagwira kumutu n'kuzungulira tebulo kangapo.

"Zandiwawa, mama, sindikubisirani," anatero. "Koma ngakhale malamulo a kwathu kuja amanena zomwezo. Tiyeni tilongedze zotsalazi."

Tinatha masiku tikulongedza. Kaseti iliyonse tinkaikulunga payokha, ine ndikutchula amene analankhulamo ndi komwe tinali, iwo akulemba pa kompyuta. Pomwe chiswe chinadya dzina, ndinkatseka maso mpaka nkhope ya munthuyo ibwere. Zina zinabwera, zina zinakana.

Tsiku loti bokosi lipite ku Blantyre kukakwera ndege, galimoto ya ofesi inalibe mafuta, mwa nthawi zonse. Tili pakhonde tikudandaula, tinamva hutala yogonthetsa m'khutu. Thiraki yaitali inaima kutsogolo kwa ofesi n'kutseka njira yonse. Anatsika Domingo, pambuyo pake mtsikana wamtali ngati agogo ake. Maso a onse awiri anali otupa. Anatulutsa kaseti ija m'thumba n'kuiika pamwamba pa bokosi.

"Tamvera limodzi ku Tete, pa wailesi yakale ya aneba," anatero. "Inaduka kamodzi, koma Anita walumikiza ndi utoto wa zikhadabo."

A dokotala anabuula ngati abayidwa ndi minga, kenako anayamba kuseka.

Anita anandigwira dzanja. "Mama, ndinakhala tsiku lonse osawalankhula bambowa. Kenako ndinawafunsa kuti anali wamkulu bwanji pomwe ankawatenga. Ndi msinkhu wa ana omwe ndikukawaphunzitsa. Ndiye ndawauza kuti ipite."

"Ipite," anatero Domingo. "Koma maina a anzanga ndi a midzi atsekedwe mpaka tonse titafa. Langa lokha mulisiye. Ndatopa kubisala kwa ana anga."

Zotsatira zake mukuzidziwa. Makope anabweradi, ena ali pa Boma pano, ena tinakasiya ku Zobue, ndipo Dona Rozalina anadzimvanso asanatsikire kulichete. Pomwe ndinkapuma ntchito, ophunzira anali atayamba kale kubwera kudzamvetsera, ena ochokera kutali, ena a pompano omwe ankafuna mawu a agogo awo. Koma ine ndikakhala pakhonde pano, chomwe chimandibwerera ndi masana a tsiku lomwe lija.

Domingo atamva kuti galimoto ilibe mafuta, ananyamula bokosilo ndi manja awiri.

"Limeneli likwera ndi ine. Ndanyamulapo zinthu zambiri zomwe sindinkafuna kunyamula. Ili ndalifuna ndekha."

Analigoneka pabedi lake kuseri kwa mpando, analifunditsa bulangete, n'kulimanga ndi lamba. A dokotala anakwera ngati mphaka. Ine anachita kundikankha kumbuyo, Anita akukoka kutsogolo, ofesi yonse ikuombera m'manja. Ndinali ndisanakwerepo thiraki moyo wanga wonse. Tinadutsa pakati pa Boma hutala ikulira, ndipo ndinaona bambo anu ataima pagolosale, kukamwa kuli yasa. Ndinatulutsa mutu pazenera n'kuwaimbira nthungululu.

Titatuluka m'tauni tinafika pomwe msewu unakumbika. Domingo anachepetsa liwiro mpaka mbuzi zinkatipitirira. Kumbuyo kwathu maminibasi anandanda, mahutala ali pipii, makondakitala akumenya zitseko.

"Papa, akutukwanatu," anatero Anita.

Domingo anatulutsa dzanja pazenera n'kuwakodola kuti adutse.

"Asiye adutse," anatero. "Iwo akuthamangira kumsika. Ine ndanyamula agogo ako ndi anzawo onse, ndipo sindiwagwedeza."